Ndinakana kufufuta Chiyao m'kompyuta

Anzanga omvera, nthawi ya chipani chimodzi ndinkagwira ntchito pachipatala china chaching'ono ku Balaka. Tinali ndi pulogalamu ya kompyuta yosindikiza malangizo a kamwedwe ka mankhwala. Woilemba anaipereka ulere, kuti aliyense aziikonza n'kugawirako ena. Mayi wina wa ku Nsanama atamwetsa mwana molakwika chifukwa chosamva Chichewa, ndinaikamo Chiyao.

Nthawi imeneyo boma linkalola Chichewa ndi Chingerezi zokha pa ntchito zake. Abwana anandiitana. "Achimwene, a chipani amva. Fufutani lero lomwe!"

"Iyayi bwana, sindifufuta. Odwalawa ndi anthu athu."

Anandichotsa ntchito, ndipo ana anga anaiona njala chaka chimenecho. Koma ndinali nditatumiza kale pulogalamu ya Chiyaoyo pa madisiki kuzipatala za ku Machinga, komwe anzanga anapitiriza kuikonza. Mpaka lero sindinapepese kwa munthu.