A Basilio Lameki ndi Timitengo Tawo ta M'miphika

Malemu anabadwa pa 9 Agosto 1951 ku Meluluca, m'banja la bambo Lameki ndi mayi Arminda, ndipo anawatcha Basilio. Anaphunzira ku Messumba mpaka kwarta kalasi, kalasi yachinayi, kenaka analowa m'bwato la atate awo kukapha usipa. Eni ake ankavomera kuti nyanja sinkawayanja, chifukwa ankasanza ulendo uliwonse.

Mu 1975 anakwatira mayi Tisungeni a ku Nkholongue. Nkhondo itakula mu 1986, anathawira ku Nkhotakota, komwe analembedwa ntchito yosamala maluwa panyumba ina ya alendo. Kumeneko anaphunzira bonsayi, luso lolera mtengo mumphika, kumaudulira mizu ndi nthambi kuti ukalambe uli waung'ono. Umene anaukonda kwambiri ndi roza do dezerto, uja wa tsinde lonenepa ngati kamlambe ndi maluwa ofiira, koma utomoni wake ndi wakupha.

Pobwerera kuno mu 1994, bwato litadzaza, malemu anatsitsa mpando wa m'nyumba n'kukweza miphika iwiri. Mayi Tisungeni, amene akhala apawa, akuti mpandowo sanauiwalebe.

Mu 2006 mdzukulu wawo Marisa anathyola kanthambi n'kukaika mkamwa. A Basilio anamubereka, kuthamanga naye kuchipatala cha ku Metangula, ndipo mwanayo anapulumuka. Atabwerako anatenga chikwanje kuti ateme timitengo tonse. Amene anawagwira mkono ndi mayi Tisungeni omwewo, amene anawauza kuti asiye chikwanjecho, akadule nsungwi. Anamanga thandala lalitali poti mwana kapena mbuzi sangafikepo, ndipo ngozi sinachitikenso. Lero Marisa ndi amene amadulira timitengoto, atavala magolovesi.

Aphunzitsi ndi asilikali a panyanja a Marinya ankabwera kudzajambula maluwawo. Ambiri mwa inu munalandirako mphika patsiku la ukwati wanu, pamodzi ndi malangizo osamba m'manja otalika kuposa ulaliki wa abambo ansembe.

Anayamba kudwala mtima mu Maio chaka chino. Atatuluka m'chipatala anapempha kuti kama wawo aikidwe pakhonde, ndipo anaona timitengo tawo tonse titachita maluwa. Anatisiya m'mawa wa Lachiwiri, pa 23 Setembro 2025, atangomaliza kukalipira mwana wawo Nordino chifukwa chothirira madzi ambiri. Nordino akuti atate ake anatsiriza kukalipako akuseka.

Malemu asiya mayi Tisungeni, ana anayi, Nordino, Duwa, Frederico ndi Chisangalalo, komanso zidzukulu khumi ndi ziwiri. A banja akuthokoza a mpingo, anamwino a ku Metangula, amayi amene agona pano masiku onsewa, ndiponso a Muhidini, oyandikana nawo nyumba, amene anakana kuti wina akhome bokosi la mnzawo, nalikhoma ndi manja awo.

Agogo Basilio, mwatisiyira khomo lokongola. Mzimu wanu uuse mumtendere.