Amayi Atatu Anandigogodera Osaimba Foni

Aulutsi ndi omvera anzanga, ndikulemba ndili ku Thamesmead, kuno ku London, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mlongo wanga ndi msilikali, anamutumiza kum'mawa kwa Congo. Zigawenga zikayambanso kuombera, foni yake imakhala chete masiku angapo, ine chakudya osalowa.

Loweruka lina masana, atatha sabata yathunthu osayankha, ndinamva kugogoda. Kutsegula, ndinapeza amayi atatu a kutchalitchi kwathu ku Lewisham, atamanga zitenje pamwamba pa majasi. Kuno munthu safika pakhomo osaimba foni. Kwathu akabwera chonchi, ndiye kuti anyamula uthenga wa maliro. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuyamba kubuma.

"Iii, asisi, pepani! Tangobwera kudzakuonani, mwasowa kutchalitchi," anatero wamkulu wawo uku akundidzutsa.

Mlongo wangayo anaimba Lachiwiri akuseka, ati netiweki inavuta. Ndinalephera kuseka naye. Ndatopa, abale. Mukafuna kukaona munthu amene m'bale wake ali kunkhondo, yambani mwaimba. Wangayu ali moyo, koma ine ndinamulira kale.