Ampu Imene Ndinawotcha Abambo Akuona

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Muli bwanji nonse? Aleluya! Yankhani mwamphamvu panopa, chifukwa zimene ndikuti ndinenezi si zokoma.

Ine ndine Lameki, kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ku Imizamo Yethu ndatha zaka zisanu ndi zinayi, ndikugwira ntchito ya m'gadeni kumunsi ku Hout Bay. Koma kumudzi ndinali kalipentala, ndipo mawailesi ndinkakonzanso.

Abambo anga anali katswiri wa hauyani. Achinyamata simuidziwa imeneyo. Gitala amaigoneka pamiyendo, n'kumayendetsa kabotolo pa nsambo, iyo n'kumadandaula ngati munthu. Anandiphunzitsa ndi iwowo. Koma moyo wawo wonse sanaimbepo pa chokuzira mawu. Ankangoti, "Tsiku lina ndidzamveko mmene imalirira pamagetsi."

Amuna a madamu amene ndimawagwirira ntchito atamwalira, ndinatumidwa kukachotsa zinyalala m'garaja. M'menemo ndinapeza gitala yogoneka yeniyeni, yamagetsi, ndi kachitsulo kake koyendetsa pa nsambo. Pambali pake panali ampu, chokuzira mawu a gitala, yakalekale ya mavalavu, timababu tagalasi timene timayaka mkati. Bokosi lake linali litawola ndi chinyezi. Madamu anati, "Take it, Lameck, it's rubbish." Ine mumtima ndinati, rabishi yake iti?

Sabata yomweyo mchemwali wanga Esinati anaimba foni. Abambo agwa. Mbali imodzi yafa, pakamwa sipakutuluka mawu. Koma makutu akumva.

Makutu akumva! Abale, mawu amenewo ndinawagwiritsa. Ndinati ampu iyi ilira, ndipo abambo aimva.

Miyezi inayi ndili pa ampu. Ndinapala dzimbiri. Ndinasintha mawaya ouma ndi tizipangizo tonse totupa. Ndinaphwasula wodulopu yakale, n'kupala matabwa ake, n'kupanga mabokosi awiri, la ampu ndi la masipika. Msomali sindinakhome ngakhale umodzi, ndinalumikiza mano ndi mano. Kutsogolo ndinakuta ndi chiguduli chochapa bwino. Aneba ankadutsa, poona ngati ndi timabokosi ta maliro, n'kumati, "A Lameki, mphaka wa ndani wafa?" Ine n'kumangopitiriza ntchito.

Esinati ankati, "Achimwene, fulumirani, akufooka." Ine n'kumati, "Dikira kaye, ndipake vanishi." Vanishi, abale! Munthu akutha, ine ndili pa vanishi. Ndikanatha kubwereka gitala wamba n'kumawaimbira pafoni miyezi yonseyo. Ayi, ndinkafuna aone chinthu chonyezimira chopangidwa ndi mwana wawo ku Joni. Kumeneko ndi kunyada, dzina lina kulibe.

Loweruka lina masana Esinati anaimba pavidiyo. "Lero atsegula maso. Imbani panopa." Masipika ndinali nditawachotsa m'bokosi, ali pansi pa bedi, chifukwa vanishi anali asanaume. Ndinati palibe kanthu, ndiyatse kaye aone mababu akuyaka, masipika ndilumikiza pambuyo. Maampu athu a m'tchalitchi muno timawayatsa opanda sipika nthawi zonse, sapsa. Ndinkayesa zonse n'chimodzimodzi.

Ndinayatsa. Mavalavu anafiira bwinobwino. Abambo anayang'ana. Ndiye dzanja lawo lamoyo lija linayamba kuyenda pa bulangete, uku ndi uku, ngati agwira kabotolo. Ine kuona zimenezo mutu unasiya kugwira ntchito. Za masipika ndinaiwaliratu. Ndinalumikiza gitala, ndinakhudza nsambo. Zii. Ndinakweza voliyumu. Zii. Ndinakweza mpaka kumapeto, ndikukwapula nsambo ndi mphamvu zanga zonse. Kenako fungo. Kenako utsi.

Abambo anaona utsi. Dzanja lija linaleka kuyenda.

Lachiwiri lake anamwalira.

Kumaliro sindinapite. Za mapepala athu mukuzidziwa, ukatuluka subwereranso. Ampu ndinaitaya kuseri kwa shaki, kanyumba kanga ka malata. Kutchalitchi kuno ndinasiya kubwera. Ndinayamba mowa, ine amene sindinalawepo chibadwire. Abusa anabwera kawiri, kawiri konse ndinakhoma chitseko ndili mkati. Ndinkati, Mulungu, munandipatsiranji chinthu chimenechi? Munandipatsiranji? Ndinadzida, abale. Manja angawa ndinkawayang'ana ndi mkwiyo. Pemphero silinkatuluka, ndipo sindinkalifunanso.

Tsiku lina la mvula ya mu Julaye, kwa neba wanga kunabwera mlendo, Che Jafali, Msilamu wa ku Mangochi amene amakulunga mamota a mapampu ku Nyanga. Anaona ampu ija itafunditsidwa ndi chipepala chong'ambika. Anawerama n'kuinunkhiza, kenako anagogoda pakhomo panga.

"Achimwene, munaiimba yopanda sipika eti?"

Ndinati eya.

"Za mavalavuzi sizifuna choncho. Mphamvu ikasowa kotulukira imabwerera n'kuwotcha thiransifoma."

Ndinati, "Itengeni mukataye."

Anati, "Kutaya ayi." Anainyamula mpaka pa renki ya matekisi, mvula ikuwanyowetsa.

Patatha masabata atatu anabwera nayo. Anali ataiumitsa, atakulunga waya watsopano ndi manja, waya wowonda ngati tsitsi. Anandipeza nditaledzera, masanasana. Sananene kanthu za mowa. Anangokhala pa ndowa n'kunena kuti, "Sambani kumaso. Tulutsani masipika, mulumikize ndikuona."

Ndinalumikiza. Ndinayendetsa kachitsulo kaja pa nsambo. Inalira! Inalira, abale! Mawu onenepa, ofunda, mpaka malata a shaki kunjenjemera. Aneba anadzaza pakhomo. Ine misozi ili chuchuchu, osati yachimwemwe ayi. Ndinkangoti, ndi mawu amenewa amene abambo ankafuna kumva. Analipo nthawi yonseyi, pansi pa bedi panga.

Che Jafali anadikira mpaka nditatonthola. Anati, "Kumzikiti ine sindijomba Lachisanu. Inu kwanu mumapita liti?" Lamlungu lotsatira ndinabwera muno, ndinakhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko. Ine amene ndinakhomera abusa chitseko, Mulungu ananditumizira munthu wa kumzikiti. Musandifunse chifukwa chake, sindikudziwa.

Tsono musayembekeze kuti ndinene kuti zonse zili bwino. Sizili bwino. Abambo sanamve, ndipo sadzamvanso. Manda awo sindinawaone, sindikudziwa ngati ndidzawaone. Mowa ndasiya miyezi isanu yapitayo, koma ludzu likadalipo, Loweruka lililonse limandigogodera. Chimene ndikuthokoza n'chakuti ndili moyo, ndaima pamaso panu, ndipo pemphero layambanso kutuluka, ngakhale lalifupi. Ndikuthokoza abusa chifukwa sanatope nane. Che Jafali, Mulungu awadalitse kumene aliko.

Amayi anga akadali moyo. Lamlungu lililonse tikaweruka muno, Esinati amawaikira foni pakhutu, ine n'kuwaimbira nyimbo imodzi mwa zimene abambo ankaimba. Sabata yatha anamvetsera mpaka kumapeto. Ndinafunsa, "Amayi, mwamva?"

Anati, "Ndamva, mwana wanga. Koma ukuthamanga. Abambo ako sankathamanga."

Akunena zoona. Ndikuthamangadi, ndipo woti andigwire dzanja n'kundionetsa palibenso. Mundipempherere, abale ndi alongo. Lero tikaweruka ndikayesanso.

Ambuye alemekezeke. Amen.