Ndinayeza Amereka ndi zala zinayi

Abale ndi alongo, mwadzuka bwanji? Amene simundidziwa, ndine nkhalamba ija imakhala kumbuyo pafupi ndi hita. Musaseke, malo aja ndinawapempherera.

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga. Ine ndinkakhulupirira kuti Alaska ali pafupi ndi Chicago. Pa firiji pathu ku Maryhill, kuno ku Glasgow, pali mapu a Amereka, ndipo Alaska anamuika m'kabokosi, pansi pakona. Ndinayeza ndi zala, zinayi basi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma zala ndimatha kuwerenga.

Ana athu awiri ali kumeneko. Yohane ali ku Chicago. Mlongo wake Tiyamike ndi nesi pa kamudzi kena kumpoto kwenikweni kwa Alaska, kumene nyanja imauma gwa.

Chaka chatha Yohane anagwa ali kuntchito. Mtima. Madokotala anati opaleshoni. Ine ndinati sindingapite, ndi kutali, maondo angawa sangalole. Ndinaimbira Tiyamike: "Pita lero, achimwene ako ali okha."

"Adadi, kuno kulibe msewu," anatero. "Kandege kathu sikakuuluka, kuli chimphepo."

Tsiku loyamba, chimphepo. Lachiwiri, chimphepo. Anafika tsiku lachinayi, opaleshoni itatha.

Yohane anachira, Ambuye alemekezeke. Koma pakamwa panga panali patatuluka kale zotuluka. Ndinamuuza Tiyamike kuti, "Unesi wakowo ndi wa anthu ena. Mbale wako akanafa iwe ukuwerenga mitambo. Usandiimbirenso."

Ndipo sanandiimbirenso. Mwana womvera.

Miyezi isanu ndi itatu, abale. Foni ikalira, amake ankapita nayo kukhitchini n'kutseka chitseko. Ine maso pa mpira, khutu kuchitseko. Muno ndinkabwera ndithu, nyimbo ndikuimba, mgonero ndikudya. Koma mwana wamkazi ndinalibe.

Tsiku lina amake anandituma kukasiya majekete akale kusitolo ija ya zachifundo. Pa shelefu panali gulobu, mpira uja wa dziko lonse. Ndinati ndimuone Alaska wangayu. Ndinamufuna pansi, palibe. Ali pamwamba, chidziko chachikulu, kabokosi kulibe. Ndinamasula chingwe cha nsapato. Mayi wogulitsa anandifunsa ngati mutu uli bwino.

Ndinayeza kuchokera kwa Tiyamike kufika ku Chicago, n'kupana chingwe. Kenako kuchokera ku Glasgow kuno kufika ku Chicago. Abale, kusiyana kwake kunali kochepa. Ine kutali ndinakhala pampando. Iye kutali komweko anakwera ndege zitatu.

Ndinafika kunyumba nsapato imodzi ikukhwepa, ndipo ndinamuimbira foni Tiyamike. Inalira nthawi yaitali. Kenako, "Adadi, kwagwanji?" Ankaganiza kuti ndi maliro. Tinacheza ola lathunthu.

Lero ndikuthokoza Mulungu amene anandidikira m'sitolo ya kaunjika. Tiyamike timayankhulana Loweruka lililonse, kuno madzulo, kwawo m'mawa. Amandionetsa pawindo pake, ine ndimamuonetsa mvula yathuyi. Akuti abwera tchuthi chikubwerachi, chimphepo chikalola. Ndaphunzira kudikira.

Koma madzulo a tsiku lija, ndikudzitama kuti nkhani ndaikonza ngati mwamuna, amake anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo ake Yohane, mwafunsa za ndege, za chisanu, mpaka mtengo wa tomato. Pepani uja sindinamumve. Mawa muimbenso."