Bambo Lawson Kambwiri, Kochi wa Otchinga Kumbuyo

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1966 ku Mponela, m'boma la Dowa. Dzina lawo lonse ndi Lawson Dominiko Kambwiri. Pulayimale anaphunzira m'sukulu zinayi chifukwa bambo awo anali apolisi ndipo ankasamutsidwa kawirikawiri.

Atamaliza sekondale mu 1985, analowa koleji ya zauphunzitsi ku Lilongwe. Kumeneko ankasewera mpira wamiyendo kumbuyo, nambala 5, mpaka anavulala bondo mu 1988. Adokotala anawaletsa kumenyanso mpira. Pasanathe miyezi iwiri anabwerera kubwalo akuyendera ndodo, n'kuyamba kuuza anzawo otchinga kumbuyo poyenera kuima. Ukochi wawo unayamba choncho.

Pa 6 Ogasiti 1994 anamanga banja ndi mlongo wanga, Mayi Miriam, omwe ndi namwino. M'zaka zisanu ndi zinayi anaphunzitsa ku Ntcheu, ku Kasungu ndi ku Mzuzu. Timu ya pasukulu ikangoyamba kuchita bwino, iwo mtima unali utafika kale kwina. Mayi Miriam makatoni ena anasiya n'kumasula komwe.

Mu 2003 anapeza sikolashipu yodzaphunzira zamasewera kuno ku Dublin, ndipo ankakhala m'kachipinda ku Drumcondra. Mu 2005 koleji ina inawalemba ntchito yophunzitsa otchinga kumbuyo a timu yake. Chaka chotsatira banja linawatsatira, n'kupeza nyumba ku Tyrrelstown. Mu sizoni ya 2007 timu yawo inagoletsedwa zigoli zisanu ndi zinayi zokha. Amene munapitako kumasewera mukudziwa kuti pabenchi sankakhalapo. Ankangoyenda uku ndi uku m'mbali mwa bwalo, mvula ikugwa, akukalipa m'Chingerezi, zikavuta m'Chichewa.

Mu 2009 chuma cha dziko lino chitagwa, koleji inachepetsa antchito ndipo malemu anali m'gulu loyamba. Anapempha kuti apitirize kuphunzitsa osalandira kanthu. Anawalola, koma osewera nawonso ankachoka kukafuna ntchito kunja. Mwa otchinga anayi amene anawaumba, atatu anasamukira ku Australia ndi ku Canada m'chaka chimodzi chokha. Malemu anapeza ntchito yolondera nyumba zimene omanga anazisiya zosamaliza. Tsiku lina ndinakawaona kumeneko, ndipo ndinawapeza akuzungulira mpanda. Anandiuza kuti, "Alamu, ine ndinazolowera kutchinga anthu amene akubwera. Kuno sikubwera munthu."

Mu Januwale 2011 koleji ina ya ku Blantyre inawaitana kuti akakhale kochi wamkulu, udindo umene anaufuna zaka zonsezi. Ana anakana kupita chifukwa sukulu ndi anzawo zinali kuno. Malemu anapita okha. Timu inakwera mpaka nambala 2 pa ligi, koma mwana wawo wamkazi, Tiyezge, anasiya kuwayankha foni. Patatha miyezi isanu ndi iwiri anatula udindo n'kubwerako. Ena kumudzi anati anathawa ntchito. Iwo sanadziteteze. Anayamba kukwera basi ndi sitima katatu pa sabata kupita ku Skerries kukathandiza timu ya atsikana, ndipo Tiyezge anadzalowa timuyo monga wotchinga kumbuyo.

Mu Febuluwale chaka chino anayamba kubanika akamayenda. Kuchipatala anapeza kuti mtima watupa. Anamwino ankadandaula kuti amawapeza m'makonde akukoka diripi. Akazi awo atawafunsa ngati angafune kukagona ku Mponela, patapita masiku awiri anati awaike kuno, pamene ana angathe kufika pa basi. Anatisiya pa 3 Meyi 2012, ali ndi zaka 46.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Miriam, ana awiri, Tiyezge ndi Enos, abale anayi, ndi mayi awo owabereka. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, abale athu a ku Zambia amene akhala nafe kuyambira kuchipatala, ophunzira a ku Malawi, ndi osewera amene mwanyamula bokosi lero.

Mayi awo a malemu akumvera mwambo uno pa foni ku Mponela. Amayi, mwana wanu sitikutumizirani. Anasankha yekha, ndipo ife tamvera. Mutikhululukire.

Alamu a Kambwiri, Mulungu akulandireni, muuse mumtendere.