Womaliza Asanadutse

Pamalo omwetsera mafuta a pamphambano ya ku Winton, dzuwa likuswa mtengo, dalaivala wa lole ya ng'ombe anapita kukalankhula ndi mayi wina wa imvi amene anali khale pa njinga yamoto m'mbali mwa msewu.

"Mayi, anzanu a njinga zamoto aja adutsa kalekale, pano akumwa mowa wozizira. Inu mukudziwotcheranji apa?"

"Lero mphambano ino ndi yanga. Ndiloza njira mpaka womaliza adutse. Ndi mmene timayendera pagulu pathu."

"Womaliza wakeyo ndani?"

"Merv. Njinga yake ndi yakalekale, amayenda ngati akuperekeza maliro."

"Lowani mkatimo mukamwe madzi, akamafika mumuonera pa windo."

"Pa windo? Munthu uja maso anatha. Akapanda kundiona pano angopitirira osakhota, ndipo msewu umenewo mafuta amathera panjira, kulibe ngakhale nyumba. Akam'tola ndi akhwangwala."

"Amene afe ndinu, mayi. Taonani milomo mmene yaswekera."

"Ndiye kanditengereni madziwo, achimwene, m'malo mondilalikira."

"Aa! Amuna anu akudziwa kuti mukudzipha chonchi chifukwa cha mdala wina?"

"Amuna angawo anali Merv yemweyo. Tinasudzulana. Nyumba tinagawana, galu anatenga iyeyo."

"Ndiye mukumudikiriranji? Musiyeni asochere!"

"Pa ukwati ndinamusiya, ndipo ngakhale mawa ndikhoza kumusiyanso. Koma pamphambano sitisiya munthu. Kasuntheni lole yanuyo, ikunditchingira msewu."