Zala za Bambo Ake a Eluby

Pa siteji ya Boma, bambo ena achikulire anakhala pa thumba la nandolo kudikira minibasi ya ku Limbe, dzanja lamanja lili m'mwamba, chala chapakati chitakwera pa chinzake. Mayi ena onyamula dengu la tomato anawayang'ana nthawi yaitali asanafunse.

"Bambo, ndi nyamakazi imeneyo?"

"Ayi mayi, ndi Chingerezi."

"Chafika mpaka m'zala?"

"Mwana wanga Eluby ali ku intavyu ya unamwino lero. Waimba foni m'mamawa, akuti, 'Ababa, fingers crossed.' Ndiye kuti upingase zala chonchi kuti mwayi umugwere mnzako."

"Zimathandiza?"

"Sindinganene. Ulendo wathawu sindinapingase, ndipo sanamutenge."

"Nanga kolona munasiya?"

"Kolona agwira mayi ake kunyumba. Tagawana ntchito."

"Ndiye mumasula nthawi yanji?"

"Sananene. Phala ndamwa ndi lamanzere."

Minibasi inafika, kondakitala akukuwa kuti malo atsala awiri okha. Bambowo anaimirira, nayang'ana thumba, nayang'ananso dzanja lawo.

"Mayi, thumba ili limafuna manja awiri. Koma mwina pano m'pamene akumupanikiza ndi mafunso."

Mayiwo anatula dengu, napukuta dzanja pa chitenje.

"Chala chiti chimakhala pamwamba?"

"Chachitalicho."

"Chonchi?"

"Eya, koma limbitsani pang'ono."

"Basi, kwezani nandolo wanu, mwanayo ndamugwira ine. Koma fulumirani bambo, tomato wanganso amafuna manja awiri."